Chingwe Chimene Baba Anadula

Makanjira
22 Okutobala 2023

Achimwene Swadick,

Asalamu alaikumu. Ndine mlongo wanu Safia. Kuno tadzuka, kaya inu ku Durban komweko. Kalatayi ndapatsira Che Shafi, aja amanyamula katundu wa anthu a ku Joni, chifukwa nkhani ndili nayoyi si yapafoni. Mukudziwa nokha kuti kuno netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa mzikiti pokha, ndipo pachulupo sipasowa makutu. Ukangoti "Baba", mudzi wonse wamva kale.

Lachiwiri lapitali Baba anasochera panyanja. Inde, Che Wadi eniake, amene anayamba kuwolotsa anthu pakati pa Makanjira ndi Monkey Bay ife tisanabadwe. Anthu akutentha tchire, utsi uli ponseponse, mapiri a tsidya lija sakuoneka. Ananyamuka ku Monkey Bay ndi anthu, simenti ndi makatoni a sopo, koma m'malo mofika padoko lathu anakatulukira kumpoto kwenikweni, mafuta atatsala pang'ono kutha. Anawalozera njira ndi asodzi a kumeneko. Palibe anavulala, Alhamdulillah, koma manyazi ake! Mayi wina atatsika anagwada n'kupsompsona mchenga mwadala, doko lonse kuseka. Amalonda ena ayamba kale kukweza katundu wawo boti lina.

Baba akuti vuto linali utsi basi. Ndamufunsa Blackson, amene amaponya nangula ndi kukweza katundu, koma akungoyang'ana pansi. Ine mtima suli m'malo. Boti lathu Subira ndi lolimba, sindikulikayikira. Chimene ndikuopa ndi kudzamva tsiku lina kuti lakatulukira ku Mozambiki ndi anthu a eni.

Masiku ano makalata a Baba ndikulemba ndine. Akuti magalasi awo anasweka, ndipo a pamsika amawapweteketsa mutu. Ndiye nawa mawu awo, ndawalemba mmene awanenera: "Umuuze mwanangu kuti Subira akudikira mwini wake. Ine mkono wayamba kulema. Abwera liti?"

Ndinangokumbukira mmene munkasanzira tikangochoka padoko, mutu uli lende kunja kwa boti, ine ndili kumbuyo ndi Baba nditagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Zinatha tsiku limene malemu amayi ananena kuti ndakula, ndizikhala kumtunda ndi kuyanika usipa. Koma poti mwamuna ndinu, yankhani.

Mutilembere nkhani zenizeni, osati "ndili bwino" wanu uja. Mukudya? Chifuwa chija chinatha? Nanga mkazi mudzapeza liti, kapena mukudikira imvi?

Ndine mlongo wanu,
Safia

Durban
3 Disembala 2023

Baba, ndi iwe Safia,

Wa alaikumu salamu. Kalata ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti muli moyo. Ine ndili bwino, ndipo Safia asandinyoze, ndili bwinodi. Chifuwa chinatha. Ntchito ikadali yomwe ija yoika mawaya m'maboti a anthu olemera amene amawedza nsomba mongosangalala. Maboti ake ndimawagwira ali pamtunda, choncho sindisanza.

Baba, nkhani ya utsi yandipweteka mtima. Kuno munthu sasochera chifukwa cha utsi kapena nkhungu, pali chida chotchedwa GPS. Ndakugulirani, chili m'katoni imene ali nayo Che Shafi. Mupezamo zinthu zitatu: kabokosi ka galasi ngati foni, kanthu koyera kooneka ngati bowa, ndi chingwe chakuda cholumikiza ziwirizi. Kabowako ndi eriyo, kamamva zochokera kumwamba n'kuuza kabokosi pamene boti lili. Madoko awiri ndaikamo kale, lathu ndi la Monkey Bay. Mukayatsa, muvi uzikulozerani kopita, kaya kuli utsi kaya mvula.

Kabowa mukamange pamtengo, pamwamba pa lona, kuti kaziona thambo lonse. Kabokosi kakhale pafupi ndi mpando wanu, kalumikizidwe kubatire. Chingwe chidutse mkati mwa boti, pansi pa thabwa la m'mphepete, osati pansi pomwe pamadikha madzi ndi pogwera matumba. Chitalikirane ndi mawaya a batire ndi a injini. Musachipinde ngati chigongono, musachiboole ndi msomali, ndipo pomanga musachifinye. Pofika pa kabokosi chiyambe chatsika pang'ono kenako chikwere, kuti madzi a mvula azidontha pansi m'malo molowa m'kabokosi.

Chachikulu ndi ichi, Baba. Chingwechi ndi chachitali kuposa Subira, koma musachidule. Ndikudziwa kuti chingwe cholendewera m'boti mumadana nacho, munkatimenyera chomwecho. Koma ichi mkati mwake si mmene mulili chingwe cha nangula. Chotsalacho muchikulunge mozungulira, kukula kwake ngati lichero, muchimange pansi pa mpando. Safia amawerenga Chingerezi, akuthandizeni.

Zobwera, Baba, mundipatse nthawi. Mapepala anga akadali ku ofesi, ndikatuluka pano sindingadzalowenso mosavuta. Subira sindinamuiwale. Pakali pano kabokosika kakhale m'malo mwanga.

Safia, za mkazi usandifunsenso.

Mwana wanu,
Swadick

Makanjira
18 Febuluwale 2024

Mwanangu Swadick,

Asalamu alaikumu. Ndine bambo ako, akulemba ndi mlongo wako. Tachedwa kuyankha chifukwa katoni yako inakhala kwa Mponda mwezi wathunthu. Mvula inadula msewu wathu, malole samadutsa. Itafika ndinaitsegula ndekha.

Zikomo, mwanangu. Allah akudalitse pa ntchito ya manja ako. Zonse ndinamanga ndekha, sindinafune kuti wina azigwiragwire. Kabowa kako kali pamwamba pa lona, anthu padoko akuti Subira wavala kofiya. Chingwe ndadutsitsa pansi pa thabwa monga unanenera, kutali ndi batire, ndipo sindinakhomepo msomali. Ndamanga ndi ulusi wa ukonde, ndipo palibe pamene pakulendewera. Ukadzaona sudzachita manyazi.

Kabokosi kakugwira ntchito bwino. Ndikakayatsa kamawala kwambiri, ngakhale masana. Anthu akabwera kudzakwera ndimawauza kuti mwana wanga wa ku Durban watumiza, ndipo amalonda aja anathawa ena abwerera.

Koma pali mawu ako amodzi andikhala pamtima. Unati kabokosi kakhale m'malo mwako. Mwanangu, kabokosi sikandiyankha salamu. Sikadzanditsuka ndikadzamwalira, sikadzanyamula jeneza popita nane kumanda. Sindikudandaula, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndangonena kuti udziwe.

Ramadhani yayandikira. Usale, ndipo uzitikumbukira pa duwa ukamapemphera.

Bambo ako,
Wadi

Achimwene, apa ndikuwonjezera ndine Safia. Tsiku lomanga zinthu zanu anandithamangitsa padoko, akuti ntchito ya m'boti si yanga, ndipo kufikira lero sindinakaone kabokosiko. Iwo ndi Blackson anatha tsiku lonse. Koma asangalala, musamve za jenezazo n'kuda nkhawa. Amakapukuta ndi nsonga ya mkanjo wawo m'mawa uliwonse, Blackson ndiye wandiuza. Ndipo chingwe chanu n'cholimba zedi. Chidutswa chimene chinatsala anandipatsa, ndamangira neti ya udzudzu, sichikutamuka n'komwe. Mukadzapeza china mutumize, ndiyanikirepo zovala.

Durban
20 Malichi 2024

Safia,

Salamu. Kalatayi ndi yako wekha, usawawerengere Baba.

Chidutswa chanji chimene wamangira neti? Ndinalemba kuti asadule! Mitu yolumikizira ili kunsonga zonse ziwiri, ndiye ngati chatsala chidutswa ndiye kuti anadula pakati n'kulumikiza okha. Chingwe chimenecho sichilumikizidwa ndi manja. Mkati muli kawaya kamodzi pakati, kenako pulasitiki yoyera, kenako tiwaya tolukana ngati ukonde. Kapakati kakangokhudzana ndi taukondeto, zonse zatha. Kabokosiko sikangagwire ntchito, ndikulumbira, ndipo mwina kanapsa.

Ndiye n'chifukwa chiyani akundinamiza kuti kakugwira bwino? Ndili pa swaumu, ndikusala, sindifuna kukwiya, koma zandiwawa. Ndinayenda sitolo ndi sitolo kufuna chabwino, ndinalemba zonse bwinobwino, iwo n'kutenga mpeni. Ngati akufuna kundilanga chifukwa sindinabwere, anene poyera. Munthu ukamupatsa mphatso iye n'kuidula, wakuuza zimene akuganiza za iwe.

Chimene chikundiopsa n'chakuti anthu akukwera Subira akukhulupirira kuti muli chida chowalondolera. Pita padoko, ulowe m'botimo ngakhale akukalipire. Uyatse kabokosiko, undiuze zimene zalembedwa pagalasi. Uonenso pamene analumikizapo.

Undiyankhe ndi ulendo wotsatira wa Che Shafi.

Swadick

Makanjira
14 Epulo 2024

Achimwene,

Asalamu alaikumu. Idi tadya bwino, ndikhulupirira inunso. Khalani pansi musanawerenge, ndipo mkwiyo uja muusiye kaye panja.

Ndinapita padoko Lachisanu m'mawa, tsiku limene Subira sawoloka. Polumikiza ndinapapeza pansi pa thabwa la m'mphepete. Achimwene, mukanaona! Anasenda nsonga zonse ziwiri, n'kupota tiwaya tonse pamodzi, kapakati ndi taukonde tomwe, mmene amalukira chingwe cha nangula chikaduka. Pamwamba anakulunga ulusi mwaluso, n'kumata phula kuti madzi asalowe. Munthu wonyoza mphatso sagwira ntchito yotero.

Nditayatsa kabokosi, galasi linawala, koma panalibe muvi. Panali mawu a Chingerezi okha, onena kuti sikakumva chilichonse kuchokera ku eriyo. Ndikuwerenga choncho ndinamva Baba akukwera m'boti. Ndinkayesa andikalipira, koma anaseka.

Anati, "Wabwera kudzaona? Taona mmene kakuwalira."

Ndinati, "Baba, muvi ukuloza kuti?"

Anaweramira pagalasi mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza. Anati, "Ukuloza tsidya, ukalozanso kuti?"

Ndinati, "Baba, palibe muvi. Sunayambe waonekapo."

Anaika dzanja pa kabokosi. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Sikakuwala?"

Ndinati, "Kakuwala."

Anati, "Ine kuwalako ndi kumene ndimaona. Ndimayesa ndiyo ntchito yake."

Achimwene, Baba sanakunamizeni. Baba sakuona. Magalasi aja sanasweke, ndawapeza m'thumba la mkanjo wakale ali bwinobwino, anangosiya kuwathandiza. Akuti zinayamba ngati utsi, ndipo utsiwo sunachokenso. Anandiuza kuti, "Nkhope yako, Safia, ndinasiya kuiona chaka chatha. Ndimakudziwa ndi mayendedwe." Ine ndimagona nawo nyumba imodzi, ndimawapatsa madzi osamba, koma osadziwa. Ndinalira m'botimo ngati mwana, iwo n'kumanditonthoza ine.

Ndinawafunsa kuti nanga amawoloka bwanji. Akuti amamva mphepo patsaya, dzuwa pakhosi, ndi mmene funde likumenyera matabwa. Chotsalacho amachita ndi Blackson. Iye amakhala kutsogolo n'kumayankhula ngati akudziyankhulira yekha: "Mapiri aja lero ali kumanzere," kapena "Bwato ili likufuna chiyani kutsogolo kwathu?" Sanayambe wakambirana, koma onse awiri akudziwa. Tsiku la utsi lija Blackson nayenso sanaone mapiri, n'chifukwa chake anasochera.

Anandipempha kuti ndisakuuzeni. Akuti mukamva muwatsitsa m'boti, ndipo munthu amene wakhala pamadzi moyo wake wonse akakhala pakhonde amafa msanga. Ndawauza kuti ndilemba ndithu, sindingabise. Akwiya, sakundiyankhula kuyambira dzulo.

Ndiye taonani mmene zilili. Inu munatumiza chinthu chofuna maso kwa munthu wopanda maso, ine ndinamangira neti chingwe chake, Baba anachiluka ngati cha nangula. Tonse tachita bwino! Koma mwera wayandikira, ndipo boti limadzaza azimayi ndi ana. Kuwasiya aziwoloka choncho sindingathe, kuwalanda chiwongolero mtima ukukana. Ndiuzeni chochita.

Safia

Durban
9 Meyi 2024

Baba wanga, ndi iwe Safia,

Asalamu alaikumu. Safia, iyi uwawerengere yonse, usadumphe.

Baba, mundikhululukire. Ndinakuganizirani zoipa, ndinati mwadula chingwe pondinyoza. Kalata ya Safia ndinaiwerengera kuntchito, ndipo ndinakabisala m'boti la eni kuti anzanga asandione ndikulira. Mwakhala mumdima nokhanokha, ine ndili kuno kukutumizirani malamulo.

Zimene Safia wafotokoza zikumveka ngati ng'ala. Abwana anga amayi awo anali nazo, anawachotsa kuchipatala, lero akuluka okha zipewa. Chonde pitani ku boma akakuoneni. Musaope, Baba.

Ndatumiza timitu tiwiri tolumikizira, kachitsulo kolowa pakati pake, chopanira chake, ndi tepi yakuda yomata yokha. Timitu tina ndawonjezera tophunzirira. Safia, masula chingwe cha neti chija, uyambe waphunzirira pamenepo. Senda khungu lakuda mosamala, ubweze tiwaya taukonde m'mbuyo, usende pulasitiki yoyera pang'ono kuti kawaya kapakati kaonekere, koma usakacheke. Kapakati kalowe m'kansonga kake, taukonde tigwire kunja, ndiye upane. Kawaya ngakhale kamodzi kochepa ngati tsitsi kakakhudza kapakati, sizigwira. Ukatha ukulunge tepi moikoka, ndipo polumikizapo pakhale pamwamba, posafika madzi. Ngati kabokosi sikanapse, kadzuka.

Koma ndikudziwa kuti kabokosi kakadzuka, Baba sakaona. Ndiye ndaganiza. Ndisiya ntchito kumapeto kwa Ogasiti, ndibwere ndidzatenge Subira monga mwakhala mukufunira. Za mapepala zikhale. Nyanja sindiikonda, sindingakunamizeni, ndipo mwina ndizisanza mpaka ukalamba, koma ndine mwana wanu. Kufikira nthawi imeneyo, ndikukupemphani musawoloke mwera ukamawomba.

Mwana wanu,
Swadick

Makanjira
30 Juni 2024

Achimwene,

Wa alaikumu salamu. Tili bwino, kukungozizira. Kalata yanu ndinawawerengera yonse. Pamene munati musiya ntchito, ndinkayesa adumpha ndi chimwemwe, koma anangoti, "Werenganso pamene akuti nyanja saikonda." Ndinawerenganso. Anatenga tasibihi, mikanda yawo yopempherera, n'kutuluka.

Neti yanga tsopano ikulendewera pa luzi. Chingwe chanu ndinaphunzirirapo mpaka chinatha, ndipo timitu tophunzirira ndinawononga tonse kupatula kamodzi. Tsiku lokonza, Baba anati mfundo yawo adula okha. Anaisisita kaye ndi chala, n'kunena kuti, "Inali yabwino koma," kenako anaidula n'kuiika m'thumba.

Ndinachita zonse mmene munalembera, ndinapana, ndinalumikiza, ndinayatsa. Mawu omwe aja! Ndinafuna kuponya chopanira chanu m'nyanja. Ndinati basi kanapsa, ndipo ndinakutukwanani pang'ono, mundikhululukire. Baba anati ndidule mbali imodzi ndisendenso, koma ndisanapane ndiwapatse agwire. Anayendetsa chala pansonga pang'onopang'ono, maso ali kumwamba, n'kunena kuti, "Pali katsitsi apa kakuzungulira kapakati." Ine ndinayang'ana, osaona kanthu. Nditalozetsa kudzuwa, ndi ako! Anakachotsa ndi chikhadabo. Ndinapana ndi kamutu kotsala kaja.

Titayatsa, kanakhala kaye ngati kakuganiza. Blackson anali chilili, kapu yokapira madzi ili m'manja. Kenako mawu aja anachoka, panabwera kadontho pa doko lathu, ndi muvi. Ndinakuwa mpaka amayi otsuka mbale m'mphepete anathamangira kudzaona amene wamira. Baba anafunsa, "Ukuloza kuti?" Ndinagwira dzanja lawo n'kulilozetsa tsidya. Anaseka, anati, "Apo ndiye kakudziwa."

M'mawa mwake ndinadzuka, ndinavala juzi yanu yakale, ndinapita padoko n'kukhala pambali pa mpando wawo. Sindinapemphe, nawo sanandithamangitse. Ine ndimawerenga galasi n'kumati, "Kumanja pang'ono, Baba," iwo n'kumakhota. Mkulu wina wamalonda anati, "Che Wadi, mwayamba kulemba ntchito azimayi?" Baba anati, "Ndalemba maso. Ngati simukuwafuna, tsikani muyende pansi." Tinali pakati pa nyanja, boti lonse linafa ndi phwete.

Tawoloka choncho milungu itatu, masiku a bata okhaokha monga munapempha. Koma Lachinayi lapitali mwera unatipeza pobwerera. Mafunde anakula, ana anayamba kulira, madzi akulowa. Ine mantha anandigwira. Baba anatenga dzanja langa n'kuliika pa chiwongolero, lawo pamwamba. Anati, "Muvi wako ukudziwa kwathu, koma funde sulidziwa. Usalimbane nalo. Lilandire paphewa la boti, likadutsa ubwerere kumuvi." Tinayenda choncho, iwo akumva funde lisanafike, ine ndikuyang'ana galasi. Manja anga anakumbukira zimene ndinkayesa ndinaiwala kalekale. Titayandikira doko ndinatembenuka kuti ndiwafunse pokocheza, ndipo ndinaona kuti manja awo onse awiri ali pamaondo. Sindikudziwa kuti anachotsa nthawi yanji.

Kuchipatala tinapita. Ndi ng'aladi. Akuti madokotala a maso abwera mu Seputembala, ndipo diso lamanja likhoza kutseguka, lamanzere sakulonjeza. Baba sanavomere, sanakane.

Achimwene, kalata yosiyira ntchito musapereke kaye. Sindikudziwa mmene ndinganenere zimene zili mumtima mwanga, ndipo si ine woyenera kuzinena. Mungodikira.

Mlongo wanu,
Safia

Makanjira
4 Ogasiti 2024

Mwanangu Swadick,

Asalamu alaikumu warahmatullah. Usadabwe ndi zilembo zachilendozi. Akundilembera ndi Che Shafi, takhala pakhonde, galimoto yawo ikudikira kumsewu. Mlongo wako palibe, ali pamadzi. Wanyamuka m'mawa ndi Blackson, anthu ndi matumba a mpunga. Ine ndatsala.

Ndinkaopa khonde ili ngati manda, koma ndakhalapo sabata ino ndipo sindinafe. Injini ya Subira ndimaimva ikadali kutali, anthu a maso asanaone kanthu. Ndimamvanso mmene akuitsitsira pofika padoko. Amafulumira pang'ono, ndimuuza, koma dzanja ndi langa lomwe lija. Mapepala oyendetsera boti akukonza ku Monkey Bay. Anthu ayankhula, atopa, ndipo akukwerabe.

Mwanangu, zaka zonsezi ndinkayang'ana kumsewu kudikira woyendetsa Subira, pamene iye ankandiphikira tiyi m'nyumba mwanga momwe. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Umenewo unali ukhungu wina, wosafuna dokotala, ndipo waupoletsa ndi chingwe chako chija.

Ndiye ntchito usasiye. Iwe ndiwe wa mawaya, ndipo ndimanyadira. Munthu amene amasanza pamadzi n'kunena kuti abwera ndithu chifukwa cha bambo ake, wandipatsa kale zonse zimene ndinkafuna kumva. Subira sakukudikiranso, wapeza mwini.

Koma ine ndikukudikira. Ndavomera za kuchipatala, adzandichita opaleshoni ya diso lamanja pakati pa Seputembala. Akuti amamanga nsalu, m'mawa mwake n'kumasula. Safia adzakhalapo, ndipo ndikufuna ndione mmene wakulira mwana amene akuyendetsa boti langa. Koma iwe unachoka ndevu zisanamere, ndipo nkhope imene ndakusungira ndi ya kamnyamata. Pempha tchuthi kwa abwana ako, ufunsenso za mapepala ako bwinobwino kuti udzathe kubwerera. Usatumize katoni. Ubwere wekha, udzaime kumapazi kwa bedi pomwe akumasula nsaluyo.

Disolo likakana kutseguka, usadandaule. Zala izi zinapeza katsitsi kamene mlongo wako sanakaone. Nkhope ya mwana wanga sizingaiphonye.

Ndasiyira pomwepa, ndikumva injini.

Bambo ako,
Wadi